Makina a Bambo Anapita Ine Ndili Chete

Ndinaba ndalama za bambo anga miyezi isanu yotsatizana, ndipo itabwera kalata yowachenjeza, ndinawawerengera mawu amene munalibe m'kalatamo. Ndayamba dala ndi zimenezi kuti musandimvere chisoni musanandidziwe. Sukulu sindinapite nayo patali, ndiye pomwe cholembera changa chapunthwa mundipirire. Ndikulembera makamaka inu achinyamata amene makolo anu amakutumani, amene amakupatsirani foni kapena pepala n'kunena kuti tandiwerengera apa.

Kwathu kunali kwabwino. Bambo anali telala, ndipo shopu yawo inali chipinda chakutsogolo cha nyumba imene tinkachita lendi, khomo loyang'ana kumsewu. Munali makina awiri opalasa ndi mapazi, tebulo lalikulu lodulirapo nsalu, ndi galasi lalitali long'aluka pakona. Bambo ankakhala tepi ili m'khosi, choko kukhutu, mapini kukamwa, koma nthabwala zinkapezabe potulukira. Munthu akabwera kudzadandaula kuti thalauza lamuthina, iwo ankati, "Bwana, thalauza silidya. Amene wadya ndi amene wakula." Amayi ankasita ndi kusokerera mabatani. Mlongo wanga wamng'ono anali kusekondale yogonera konko, ankafuna unamwino. Ine mayeso omaliza anandikana, ndiye ndinkathandiza kudula ndi kupinda. M'mawa tisanatsegule chitseko tinkapemphera atatu, titaimirira pakati pa makina.

Bambo ankadziwa manambala a pa tepi ndi kulemba dzina lawo, basi. Amayi chimodzimodzi. Pepala lililonse lobwera pakhomo ndinkawerenga ndine, n'chifukwa chake bambo ankanditcha akalaliki. Ankanena monyadira, ngakhale pamaso pa makasitomala.

Ngongole sinabwere ndi ulesi. Mwini sukulu ina yolipira anawapatsa ntchito yosoka mayunifolomu mazana anayi. Bambo anakongola kubanki n'kugula makina amagetsi, ndipo makina onse atatu anakhala chikole. Nsalu anatenga pangongole kusitolo yaikulu. Tinasoka miyezi iwiri mpaka miyendo kutupa. Mayunifolomu anapita, sukuluyo inatsekedwa chaka chisanathe, mwini wake n'kuzimiririka osalipira. Chaka chomwecho amayi anachitidwa opaleshoni, bambo anathamangira kwa wakatapila. Kuyambira pamenepo odzalonjerera ngongole anachuluka pakhomo kuposa odzayezetsa zovala. Bambo anasiya nthabwala.

Mayi wina amene anabweretsa diresi kuti tipinde ndi amene anatiuza za ofesi ya maloya othandiza anthu ovutika mwaulere. Tinapita ine ndi bambo. Inali pamwamba pa sitolo ya mankhwala, yokwera pa masitepe opapatiza, mabenchi awiri atadzaza anthu okumbatira mapepala awo m'majumbo. Loya amene anatilandira anali mayi wamfupi, wa magalasi olendewera pachingwe. Anamvetsera bambo mpaka kumaliza, osawadula, kenako anayala mapepala athu onse patebulo.

"Bambo, njira zilipo ziwiri," anatero. "Yoyamba, tikauze khoti kuti mwagwa, simungathenso kubweza. Khoti ligulitsa zimene muli nazo, ligawira amene anakukongozani, zotsala lifafaniza. Mutuluka opanda ngongole, komanso opanda makina."

"Telala wopanda makina ndi chiyani, mayi? Tiuzeni yachiwiri."

"Yachiwiri, tipemphe khoti liimitse chiwongoladzanja, inu muzipereka kangachepe mwezi ndi mwezi ku ofesi ya khoti kwa zaka zitatu. Mukamaliza, zotsala zikhululukidwa. Nthawi yonseyo palibe amene akhudze makina anu."

"Imeneyo," anatero bambo. "Miyendo ilipo, ndipalasa."

Mayiwo anatimenyera nkhondo miyezi inayi, a banki akukana, wakatapila akuopseza, mpaka khoti linavomera. Sanatilipiritse kalikonse. Tsiku limene tinakatenga chikalata chake anatikhazika pansi.

"Mverani bwino. Mukadumphitsa miyezi itatu, chitetezochi chagwa. Mwezi ukavuta, bwerani msanga mudzanene, pothawira pamakhalapo. Chimene sindingathe kuchiza ndi chimene mwandibisira. Nanga makalata anga azikuwerengerani ndani?"

"Akalaliki athuwa," anatero bambo akundigwira paphewa. "Nambala ya foni lembaninso yawo. Ine zamafonizi zinandidutsa."

Mayi loya anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Achimwene, muziwawerengera zonse, zokoma ndi zowawa zomwe."

"Ndamva, mayi."

Tikutuluka bambo anabwerera pakhomo. "Mayi, msoko wa mkono wa malaya anuwo wamasuka. Ndauona kuyambira tsiku loyamba, ukundisowetsa mtendere. Mubweretse ndikonze." Ofesi yonse inaseka. Ndinadziwa kuti bambo anga abwerera mwakale.

Kumapeto kwa mwezi uliwonse bambo ankaika ndalamazo mu envulopu yakhaki, n'kuidutsitsa pa makina, kusoka kukamwa kwake ndi ulusi wofiira. Ankati guluu sakhulupirika. Ine ndinkapita nayo kukhoti, komwe wolandira ndalama ankaseka akamadula ulusiwo, n'kundipatsa lisiti. Lisiti bambo ankalibaya pa msomali pamwamba pa tebulo lodulira. Mawu ake sankawadziwa, ankangoona chidindo, n'kuwerenga malisitiwo ndi chala ngati mabatani. Atakwana khumi ndi asanu ndi anayi anati, "Amake ana, tadutsa theka. Kwatsalaku n'kotsetsereka."

Panjira yopita kukhoti, pafupi ndi pokwerera mabasi, panali shopu ya juga ya mpira, yokhala ndi ma TV khoma lonse. Pakhomo pake sipankasowa mnzanga wina amene tinalepherera limodzi mayeso. Tinkamutcha Zatheka, chifukwa chilichonse chimene ungamuuze, iye ankati zatheka.

"Akalaliki!" anandikuwa tsiku lina Lachisanu. "Mukupitabe kukanenepetsa a banki? Taona, ndalamayo ukaipereka lero kapena Lolemba, khoti silionda. Igone kuno masiku awiri, ibereke."

"Si yanga. Ndiponso ndi yosoka."

Anaitenga n'kuiyang'ana padzuwa, akuseka. "Mwana wa telala kuopa msoko? Ukuchititsa manyazi bambo ako. Timu iyi mawa iwina, ngakhale agogo anga akudziwa. Zatheka!"

Ndinapita kuseri kwa shopuyo, ndinatulutsa pini pa kolala, ndinamasula ulusi pang'onopang'ono osang'amba pepala. Ndinatengamo pang'ono chabe. Timuyo inawinadi. Lolemba, bambo atapita kukagula zipi, ndinabweza ndalama zija, ndinakhala pa makina awo omwewo, n'kusokanso ndikulondola mabowo akale limodzilimodzi. Luso limene anandiphunzitsa kuti ndizidyera ndi limene ndinawabera nalo. Kukhoti sanaone kanthu. Zimene ndinawina tinamwera mowa ndi Zatheka, akunditama kuti ndili ndi dzanja lamwayi.

Ndikanaluza tsiku limenelo bwenzi ndili munthu. Mwezi wotsatira ndinatengamo theka, linapita. Ndinaika theka linalo kuti libweze linzake, linapitanso. Ndinatuluka panja ndi envulopu yopanda kanthu.

"Bambo akufuna lisiti," ndinamuuza Zatheka. "Ndikanena chiyani?"

"Bambo ako amawerenga?"

"Ayi."

"Ndiye ukulira chiyani? Zatheka."

Ananditengera kwa munthu wina wa makina a fotokope. Ndinakazula mobisa lisiti limodzi lakale pa msomali, tinafufuta deti ndi utoto woyera, tinalemba lina, makina n'kulavula lisiti latsopano, chidindo ndi mtundu wake womwe. Lakale lija ndinalibweza pamalo pake. Latsopanolo bambo analibaya pa msomali, nati, "Makumi awiri ndi limodzi."

Musaganize kuti sanandichenjeze. Amayi anandipeza kuseri kwa nyumba ndi malaya anga m'manja. "Iwe, malaya awa akununkha bala. Ndimasita ndine, usandinamize. Ndalama ya mowa ukuitenga kuti?"

"Amandigulira anzanga."

"Mnzako wokugulira mowa tsiku ndi tsiku, akugula iweyo."

Bambo nawo analankhula, ali pa makina, osatembenuka. "Mwana wanga, mnzako uja amakuimbira likhweru ali kumsewu, osalowa kudzapereka moni. Akuopa chiyani m'nyumba muno?"

"Ndakula, bambo. Anzanga ndisankha ndekha."

"Kukula si ndevu. Wamkulu amaoneka pa zimene wasungitsidwa."

Anadandaula za mowa, anadandaula za Zatheka, koma za envulopu sanandikayikire n'kamodzi komwe. Zimenezo sizinkalowa n'komwe m'mutu mwawo.

Utadutsa mwezi wachiwiri wosalipira, mayi loya anaimba foni. Ndinati bambo apita kukaona odwala kutali, akabwera tifika. Anaimbanso, sindinayankhe. Makalata awiri anabwera ku positi, ndinawang'ambira konko. Nthawi zonse ndinkadziuza kuti Loweruka likubwerali ndiwina, ndibweza zonse, palibe adzadziwe.

Kalata yachitatu sinadzere ku positi. Mesenjala wa ku ofesi ya maloya anaipereka m'manja mwa bambo ine kulibe. Nditafika masana ndinaipeza pa tebulo lodulira, yosatsegula, sizasi ili pamwamba pake. Bambo anaimitsa makina, amayi anaimika simbi.

"Akalaliki, tiwerengereni."

Ndinatsegula. Inati miyezi itatu yadutsa osalipira, a banki apempha khoti kuti lichotse chitetezo, bwerani lisanafike tsiku la 14 kuti tikapemphe nthawi ina, mukapanda kubwera makina alandidwa. Kunsi kwa detilo anadula mzere wofiira. M'munsi mwenimweni mayi loya anawonjezera ndi dzanja lawo kuti, chonde bwerani, ngakhale mulibe kalikonse m'thumba.

Ndinakweza mutu. "Akuti akukuthokozani chifukwa cholipira mokhulupirika. Akuti pitirizani chomwecho."

"Basi?" anatero bambo. "Pepala lodzaza chonchi, mawu awiri okha?"

"Maloya amazungulira, bambo. Nkhani ndi yomweyo."

Amayi anasendera, naloza ndi chala. "Nanga pofiirapa?"

"Ndi pomwe akuyamikira kwambiri."

Amayi anandiyang'ana, nati chapansipansi, "Kandimverere anakanena za m'maluwa."

"Amake ana, musiyeni mwana," anatero bambo akuseka. "Anthu akutiyamikira, inu mukufuna tilire?" Anatsegula kachitini ka ndalama zachitsulo, nandituma kukagula mabotolo atatu a zoziziritsa kukhosi kuti tisangalale. Kalata ija ndinaiika m'thumba, ndinati ndikasunga. Ndinagula, tinakhala pakhonde, bambo akukamba kuti ngongole ikatha adzalemba dzina langa pachikwangwani cha shopu pafupi ndi lawo. Ndinamwa. Mulungu andichitire chifundo, ndinamwa mpaka botolo kutha.

Tsiku la 14 lisanafike ndinamasula envulopu yachinayi, ndinaika yonse pa timu imodzi. Inapita. Tsikulo linadutsa. Yachisanu inapitanso.

Anabwera Lachiwiri m'mawa, dzuwa litakwera, msewu uli wodzaza anthu. Kalole kamodzi, amuna anayi otumidwa ndi khoti, ndi wapolisi mmodzi. Bambo anali pakati posoka suti ya munthu. Wamkulu wawo anawerenga chipepala, bambo osamva kanthu, akungondiyang'ana ine kuti ndimasulire. Sindinawamasulire. Amunawo atagwira makina amagetsi m'pamene bambo anadzuka.

"Mwasokera nyumba! Ine ndimalipira! Onani!" Anazula malisiti onse pa msomali, nawatambasula m'manja.

"Madala, ife tatumidwa. Zimenezo kafotokozeni kwa loya wanu."

Atafika pa makina amene bambo ankasokerapo, bambo anati, "Dikirani, nsaluyi ndi ya eni." Anadula ulusi okha, anachotsa suti ija pansi pa singano, anaipinda bwinobwino, n'kupatuka. Amayi anakhala pansi pakhomo, manja kumutu. Pomwe panali makina panatsala madontho a mafuta ndi tinsalu.

Bambo anandigwira padzanja. "Tiye. Mayi loya uja watidyera."

Masitepe aja anakwera ngati mnyamata. Sanadikire pamzere. Anaponya malisiti patebulo la mayi loya, anthu onse a pabenchi akumva.

"Wakuba iwe! Unatinyengerera ndi mawu okoma, kumbali ukugawana ndi a banki! Zaka ziwiri ndikupalasa, osagula ngakhale nsapato! Malisiti si awa?"

Mayi loya anadzuka. Anatseka chitseko, anavala magalasi, anayamba kuyala malisitiwo mondondozana. Atafika kumapeto anaima. Anatenga asanu omaliza, nawaika pafupi ndi limodzi lakale.

"Bambo, manambala mumawadziwa. Tawerengani apa pakona."

Bambo anawerama. Anawerenga loyamba, lachiwiri, lachitatu. Mawu anayamba kuchepa. Nambala inali imodzimodzi pa onse. Ife tinasintha deti, za nambala sitinaganizeko.

"Khoti silipereka nambala imodzi kawiri," anatero mayi loya. "Ndinaimba foni. Ndinalemba makalata atatu. Yomaliza munailandira ndinu."

"Ija yothokoza?"

Mayiwo anavula magalasi. Bambo sanandiyang'ane. Anagwira m'mphepete mwa tebulo, nakhala pampando pang'onopang'ono ngati munthu wodwala msana.

"Mverani, nthawi ilipobe pang'ono," anatero mayi loya. "Makina agulitsidwa pakatha masiku asanu ndi anayi. Ndikapita kukhoti ndi umboni wolumbira woti inu munkapereka ndalama mokhulupirika koma zinkabedwa panjira, ndikhoza kupempha kuti asagulitse, chitetezo chibwerere. Sindikulonjeza, koma mwayi ndi waukulu. Koma ndisakubisireni. Kupanga malisiti abodza a khoti ndi mlandu wa kupolisi. Amene anachita adzamangidwa. Akadzipereka yekha, khoti limachitako chifundo, ndipo ine ndidzamupezera womuimira." Anatembenukira kwa ine. "Achimwene, pali chimene mukufuna kunena?"

Abale anga, apa ndi pamene pali tchimo langa lalikulu. Kuba kuja ndingati ndinakodwa, bodza lija ndingati ndinachita mantha. Koma apa anandiikira khomo lotsegula, bambo anga ali pambali panga, makina awo ali pakamwa panga. Ndinaganiza za ndende. Ndinayang'ana pansi.

"Palibe," ndinatero.

Mayi loya anapuma mozama, nakankhira pepala kwa bambo. "Ndiye kwatsala inu, bambo. Mukasaina kuti amene munkamutuma ndi amene anatenga, ndipita nalo lero lomwe."

Bambo analiyang'ana pepalalo nthawi yaitali, ngati akuliwerenga. Kenako analibweza.

"Sindisaina. Ndine ndinkaiwala kulipira."

"Bambo, musadzinamizire. Ndi makina anu, ndi sukulu ya mwana wanu wamkazi."

"Ndamva, mayi. Makina ndinagula kusitolo. Uyu sindinagule." Anaimirira, anavula chipewa chimene anaiwala kuvula polowa, anatsegula chitseko kuti a pabenchi amve. "Mayi awa ndawatukwana opanda chifukwa. Si akuba. Pepani mayi, mundikhululukire, ukalamba ndi umbuli."

Iwo amene sanalakwe anapepesa pagulu. Ine ndinaima ngati mtengo. Potsika masitepe anagwira khoma, nati, "Tiye kunyumba, amako ali okha."

Masiku asanu ndi anayi amenewo bambo sanandikalipire, sanandifunse. Ankadzuka m'mawa, kusesa shopu yopanda kanthu, kukhala pa mpando. Amayi ndi amene anandigwadira, mayi wondibala, pa simenti.

"Mwana wanga, pita ukanene. Kundende anthu amatuluka. Ndizidzakuyendera, sindidzakutaya. Bambo ako akufa ali maso."

"Ndipita mawa, amayi."

Ndinapita kwa Zatheka m'malo mwake. Tsiku limenelo sanati zatheka. Anandikokera kuseri, maso ali psuu. "Ukatsegula pakamwa watimangitsa tonse, ndi wafotokope yemwe. Makina amagulidwa ena. Madala ako asankha okha kukuteteza, iwe ukufuna kuwatsutsa? Khala phee."

Ndinawagwira mawu amenewo chifukwa ndi amene ndinkafuna kumva. Tsiku lachisanu ndi chitatu mayi loya anaimba katatu. Ndinazimitsa foni. Tsiku logulitsa makina, bambo atapita kukaonerera chapatali katundu wawo akutchulidwa mitengo, ine ndinakwera basi.

Zotsatira ndinazimva patapita nthawi. Makina anapita pamtengo wozizira. Mayi loya sanawataye bambo, anawayendetsa njira yoyamba ija, khoti linalengeza kuti agwa, ngongole zotsala zinafafanizidwa. Odzalonjerera anasiya kubwera, koma odzayezetsa nawonso analibe chodzera. Anatuluka m'nyumba ija, analowa ya chipinda chimodzi. Mlongo wanga anasiya sukulu kutatsala chaka chimodzi, anayamba ntchito yochapa ndi kukolopa m'nyumba za anthu. Bambo, amene ankasoka masuti, anayamba kusoka zigamba pamanja pakhonde la sitolo ya munthu wina. Anthu akafunsa za ine ankati akalaliki anapeza ntchito kutali.

Ntchito imene ndinakapezayo inali yokweza matumba m'malole. Ndinakhala zaka khumi ndi ziwiri ndikunyamula masana, ndalama kuthera ku mowa ndi ku juga komweko. Ndende imene ndinaithawa mwina ikanakhala ya zaka ziwiri. Nthawi zina ndinkatumiza kandalama osalemba dzina, n'kumadziuza kuti ndapepesa. Ndikamva kulira kwa makina osokera mumsewu ndinkawolokera tsidya lina.

Mlongo wanga ndi amene anandipeza, atafunsira kwa madalaivala. Anafika pamalo okwezera katundu masana, ine thumba lili pamutu. Anali ataonda, manja osweka ndi sopo. Sanalandire moni wanga.

"Achimwene, amayi tinaika mwezi watha. Ankakufunsani mpaka tsiku lomaliza. Tinasowa kokupezani."

Ndinatula thumba. Ndinafuna kumugwira dzanja, anabweza.

"Sindinabwere kudzakutonthozani. Ine sukulu yanga ndinaiwerengera kale kuti inapita. Koma bambo maso akutha, ndipo mpaka lero amauza anthu kuti anaiwala okha kulipira. Munthu wamkulu kumafa ndi bodza la mwana wake pakamwa. Mukafuna bwerani, mukafuna khalani." Anatembenuka n'kumapita.

Sindinanyamuke tsiku lomwelo, ndisaname. Ndinamwa sabata yathunthu. Lamlungu lotsatira ndinalowa m'tchalitchi china chifukwa kunja kunkagwa mvula, ndinakhala kumbuyo, ndipo atatuluka anthu ndinauza mbusa zonse, koyamba m'moyo wanga. Ndinkayembekeza kuti anena kuti Mulungu wakhululuka, pita mumtendere. Iye anati, "Mulungu wamva. Koma makinawo sanali a Mulungu yekha. Mwini wake ali moyo, ndipo makutu ake akumva. Ukudikira kuti ukalankhule ndi dothi ngati mmene wachitira ndi amayi ako?"

Tsono inu achinyamata, chenjezo langa ndi ili, sindilikuta m'nsalu. Ndalama imene mwatumidwa si yanu ngakhale kwa ola limodzi. Juga siikubwezerani zimene yadya, ndipo mnzanu wokuuzani kuti palibe adzadziwe, tsiku la mlandu adzadziteteza yekha. Kholo likakupatsani pepala kuti muliwerengere, lakupatsani maso ake, musalichititse khungu. Banja lathu linagwa m'ngongole, inde, koma thandizo linalipo, laulere, ndipo linkagwira ntchito. Sitinagwetsedwe ndi banki kapena wakatapila, ndinagwetsa ndine. Ndipo mukalakwa, nenani tsiku lomwelo, pomwe zinthu zikadakonzeka. Ine ndinapatsidwa masiku asanu ndi anayi. Ndinatenga zaka khumi ndi ziwiri, ndipo pofika ndinapeza zambiri zoti n'kupepesa nazo zitakwiriridwa kale.

Ndinawapeza pakhonde la sitolo lija, atakhala pa kabenchi, thalauza la mwana wa sukulu lili pamwendo. Tsitsi lonse linali loyera. Pambali pawo panali kansalu kobayidwa masingano khumi, iliyonse ndi ulusi wake. Mlongo wanga ndi amene ankawalowetsera m'mawa asanapite kuntchito, chifukwa bowo la singano sankalionanso. Ankasoka ndi zala, akupapasa. Ndinaima patsogolo pawo.

"Muli ndi chosoketsa, bwana?" anafunsa. "Ikani apa. Koma lero masingano atsala atatu."

"Ndine, bambo."

Dzanja linaima. Anakweza nkhope, akufunafuna kumene kwachokera mawu. Kenako anasendera kuti andipatse malo pabenchi.

"Wafika? Khala apa. Wadya koma? Mlongo wako aweruka posachedwa, tipitira limodzi kunyumba."

"Bambo, ndabwera kudzanena za makina."

"Aa, zakale zimenezo. Ndinaiwala ndine kulipira. Khala pansi."

Sindinakhale pabenchi. Ndinagwada pa simenti, mwini sitolo ndi ogula ake akuona, ndinagwira mapazi awo aja amene anapalasa zaka zonse zija, ndipo ndinakweza mawu kuti aliyense amve.

"Ayi bambo, lero musandiphimbenso. Simunaiwale, simunadumphitse ngakhale mwezi umodzi. Ndinaba ndine. Ndinakunamizani mukundiyang'ana m'maso, ndipo tsiku limene mawu anga akanakupulumutsani ndinatseka pakamwa, inu n'kundilipirira ndi ntchito ya manja anu. Ndinaphera mlongo wanga sukulu. Amayi anandigwadira, ndinawasiya pansi, ndipo apita osamva mawu awa. Ndilibe chobweza, ndilibenso chodzikanira. Ndinalakwa, bambo anga. Pepani. Ndikhululukireni."